Chikoreya cha Bambo a Mtisunge

Edwina anafika ku Bolton m'chaka cha 2003, nthawi imene anamwino ambiri ankachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'zipatala za boma ku Mangalande. Mwamuna wake, Bester Mtambo, anamutsatira chaka chinacho atagwira dzanja mwana wawo wamkazi, Mtisunge. Kumudzi Bester anali mlangizi wa ulimi wothirira, ndipo alimi a mpunga ku Nkhotakota ankamudziwira patali ndi njinga yake yamoto. Ku Bolton anapeza ntchito yolongedza zovala m'makatoni m'nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu. Sankadandaula. Koma akakhala m'basi n'kudutsa pafupi ndi dziwe kapena ngalande, ankayamba kufotokozera mkazi wake minda imene madzi amenewo akanathirira, mpaka Edwina ankachita kumugunda ndi chigongono kuti atsitse mawu.

Ankakhala m'nyumba zija zogundana makoma, zoti mnzako akatsokomola umamva. Chakumapeto kwa 2006, m'nyumba yoyandikana nayo munalowa banja la ku Koreya. Bambo wake, a Han, ankachita maphunziro apamwamba ku Manchester, ndipo ankachoka m'mamawa kukakwera sitima. Anali ndi kamtsikana kamodzi, Yuna, amene anamuika sukulu imodzi ndi Mtisunge. Popeza Bester ankalowa ntchito masana, ndiye ankaperekeza ana onse awiri kusukulu m'mawa.

Tsiku lina Loweruka a Han anamupeza Bester kuseri kwa nyumba akusamalira mpiru umene anabzala m'zidebe. Anacheza atatsamira mpanda. A Han atamva kuti mnansi wawoyo anakhala zaka zambiri akuphunzitsa anthu kulima mpunga, anadabwa kwambiri.

"Ndiye mukutani ndi makatoni?" anafunsa m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Kwathu mpunga ndi moyo. Yunivesite imene ndinaphunzira ine imatenga ophunzira ochokera kunja, makamaka ochokera ku Africa. Chaka choyamba mumaphunzira chilankhulo basi, kenako zaka ziwiri za digiri yachiwiri. Zonse amakulipirirani. Bwanji osayesa?"

Bester analowa m'nyumba dothi lili m'manja.

"Amayi a Mtisunge, mukudziwa kuti Koreya ili pati?"

"Sambani kaye m'manjamo," anatero Edwina. "Mwatani ndi Koreya?"

Anamufotokozera zonse ataimirira pakati pa khitchini, akulankhula mothamanga ngati mwana wobwera kumpira. Edwina anaseka, n'kumuuza kuti ayese, chifukwa mumtima ankadziwa kuti zinthu zoterezi zimathera m'kamwa. Koma Bester sanazisiye. Anaitanitsa mapepala ake a sukulu ku Lilongwe, analemba zimene ankafuna kukafufuza, a Han anamuthandiza kutumiza, ndipo m'nyengo yonse yozizira ija m'nyumbamo munkangomveka Koreya.

Anayambanso kuphunzira chilankhulo. A Han analibe nthawi, ndipo akazi awo anali amanyazi, choncho mphunzitsi wake anali Yuna. M'mawa uliwonse panjira ya kusukulu, kamtsikanako kankatchula mawu, Bester n'kumabwereza mokweza, Mtisunge akuyenda patsogolo pang'ono kuti anzake asadziwe kuti bamboyo ndi wake. Zilembo zawo zija za timizere ndi timabwalo anazigwira msanga. Anazimata pachitseko cha filiji, pa ketulo, ngakhale pagalasi la kubafa.

Kumpingo kumene Amalawi a ku Bolton ankakumana Lamlungu masana, nkhaniyo inafika msanga. Ernest, mnzake wa Bester amene ankasamalira okalamba ku Farnworth, ndiye anali patsogolo kumuseka.

"Achimwene, Koreya yake iti? Ya mabomba ija?"

"Ya kumwera, bwana. Ya magalimoto ndi mafoni."

"Anthu akulimbana kuti alowe muno, inu mukulimbana kuti mutuluke. Ndipo ndamva kuti chakudya chawo ndi kabichi wowola."

"Wowola ayi, wosasa. Ndadya kale kwa a Han. Amawawa bwino ngati kambuzi."

M'mwezi wa Meyi kunabwera uthenga woti aphunzitsi a ku yunivesite ija akufuna kulankhula naye pafoni. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, kwawoko kukhala kuli madzulo pamene ku Bolton kwangocha. Tsikulo Edwina anachokera kushifiti ya usiku, maso ali psuu, ndipo anapeza mwamuna wake atavala suti ya paukwati wawo, tayi ali pakhosi, nsapato zopolishidwa, atakhala pamasitepe pafupi ndi foni.

"Kodi akuonani pafonipo?"

"Munthu akavala bwino amalankhulanso bwino. Khalani chete, chonde."

Edwina anakhala pa sitepe ya m'munsi, Mtisunge ali pamiyendo pake atavala kale yunifolomu. Foni italira, Bester anaimirira, anakonza tayi, n'kunyamula. Anamvetsera pang'ono, kenako anawerama ngati anthuwo ali patsogolo pake, n'kunena mokweza mawu amene anayeserera sabata yonse:

"Anyong! Pap mogosso?"

Kenako ngakhale Edwina anamva kuseka kukutuluka m'foni muja, kuseka kwa amuna angapo, wina mpaka kutsokomola. Bester anayang'ana mkazi wake, thukuta litayamba pamphumi. Anthu aja atatha kuseka anayamba kufunsa m'Chingerezi, ndipo iye anayankha za ngalande, za mbewu za mpunga wa kilombero, za mavuto a alimi mvula ikachedwa. Apa mawu ake anakhazikika. Ankalankhula akujambula minda m'malere ndi dzanja, ndipo Edwina anaona munthu amene anali asanamuone chichokereni ku Nkhotakota.

Madzulo ake, asanapite kuntchito, Edwina anakumana ndi a Han pakhomo ndipo anawafunsa chimene chinaseketsa aphunzitsi aja. Atawabwerezera mawuwo, a Han anagwira pakamwa.

"Ananena zimenezo? Kwa mapulofesa?"

"Kodi ndi kutukwana?"

"Ayi, si kutukwana. Koma ndi mmene ana amalankhulirana. Kwathu wamkulu ali ndi mawu ake, mwana ali ndi mawu ake. Zili ngati wauza agogo ako kuti, iwe, wadya?"

Edwina anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Bester atamva sanaseke. Iye amene sanayambe watchulapo munthu wamkulu kuti iwe chibadwire, anali atachita zimenezo kwa anthu amene anagwira tsogolo lake m'manja. Anachotsa mapepala onse pafiliji. M'mawa ankaperekeza ana ali duu, Yuna akumufunsa ngati wadwala.

"Basi zatha," ankatero. "Munthu wopanda ulemu angamutenge ndani?"

Yankho linabwera mwezi wa Juni uli pakati. Kunyumba analibe intaneti, choncho Bester ankapita kulaibulale ya m'tauni kukaona mauthenga. Tsiku limenelo Edwina anali kuwodi, akupereka mankhwala, pamene mnzake anamuuza kuti kuli mwamuna wina pakhomo la wodi amene akukana kuchoka. Anatuluka mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti china chachitikira mwana. Anapeza Bester atanyowa ndi mvula, akupuma mwawefuwefu, atathamanga kuchokera pamalo okwerera basi.

"Anditenga! Amayi a Mtisunge, anditenga!"

"Mukunama!"

"Anditenga, ndikupita Ogasiti! Ndipo pulofesa wamkulu walemba yekha m'munsi kuti, inde, tinali titadya, zikomo pofunsa."

Edwina anaiwala kuti ali pantchito. Anamukumbatira pomwepo, yunifolomu yonse n'kunyowa, ndipo kanthungululu kanamupulumuka. Gogo wina wachizungu amene ankadutsa ndi ndodo yake anaima n'kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Chisangalalo chinatenga masiku angapo. Anaimbira foni abale ku Dedza ndi ku Nkhotakota mpaka makadi oimbira anatha. A Han anabwera ndi mapu n'kuwaonetsa mzinda wa Daejeon, pakati pa dzikolo. Koma tsiku lina Edwina ali m'basi, anayamba kuganiza za zinthu zimene palibe anali atazitchula. Ndani adzaperekeza Mtisunge kusukulu iye akachokera kushifiti ya usiku? Ndani adzagona naye m'nyumba? Zaka zitatu si masewera. Pofika kunyumba anali atakwiya, ndipo Lamlungu masana, mwana ali kwa Yuna, anamasuka.

"Bambo a Mtisunge, mwaganizapo za ife?"

Bester anaika pansi buku limene ankawerenga.

"Ndaganiza. Masiku onsewa ndikuganiza."

"Ndiye mwapeza chiyani? Chifukwa ine ndikuona kuti inu mukukwera ndege, ine ndikutsala ndi mwana, ntchito, ndi nyumba yozizirayi ndekha."

Bester anati, "Mukanena kuti ndisapite, sindipita. Sindikunena mokwiya ayi. Ndiwalembera mawa, ndipo sindidzakuimbani mlandu."

Edwina anamuyang'ana ndipo anadziwa kuti akunena zoona. Chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri. Munthuyu anasiya ntchito imene ankaikonda, anagulitsa njinga yake, anabwera kudziko limene palibe ankamufunsa maganizo pa chilichonse, ndipo sanamuwerengerepo ngakhale tsiku limodzi.

"Ine sindinanene kuti musapite," anatero akupukuta m'maso. "Ndikufuna mundithandize kuganiza, osati kumangomwetulira ngati mwawina mpikisano."

Anaganizadi limodzi. Edwina anakalankhula ndi sisitala woyang'anira wodi, amene anavomera kumuika pa mashifiti a masana okhaokha kuyambira Seputembala. Mayi Han, amanyazi aja, atamva za vutolo anabwera okha kudzagogoda. Ananena ndi manja ndi mawu ochepa kuti m'mawa iwo ndiwo aziperekeza ana, ndipo Mtisunge akaweruka azidikira mayi ake kwawoko.

"Mwamuna wanu anayenda ndi Yuna chaka chonse," anatero. "Tsopano ine."

Phwando lotsanzikana linachitikira mu holo ya tchalitchi. Kunabwera Amalawi ochokera ku Manchester, ku Rochdale, ena mpaka ku Rotherham. Amayi anaphika mpunga, nkhuku ndi mandasi, ndipo Mayi Han anabweretsa beseni la kabichi wawo uja, amene amamutcha kimchi. Ernest analawa pang'ono akukwinya nkhope, kenako anabwereranso kawiri. Polankhula, anati iye kuyambira kale ankadziwa kuti Bester adzapita patali, ndipo holo yonse inamukuwiza. Anthu anavina mpaka woyang'anira holo anabwera kudzaloza wotchi.

Ku bwalo la ndege la Manchester, Mtisunge ndiye analimba mtima kuposa onse. Anauza bambo ake m'Chingerezi, monga ankayankhira nthawi zonse, kuti akalimbikire sukulu ndipo asakacheze m'kalasi. Bester anaseka misozi ikutsika. Analowa pachipata akutembenuka pafupipafupi mpaka anagunda chikwama cha munthu wina.

Asananyamuke anali atagula kompyuta yakale ndi kakamera kake, n'kulumikiza intaneti kunyumba. Loweruka lililonse m'mawa Edwina ndi Mtisunge ankakhala patsogolo pake, ndipo nkhope ya Bester inkatulukira, nthawi zina n'kuuma pakamwa pali yasa, mawu akupitirira okha.

Nkhani zinali zosatha. M'kalasi mwake munali achinyamata ochokera ku Mongolia, ku Vietnam, ku Uzbekistan, ku China, ambiri a iwo ongomaliza kumene sekondale. Iye ndiye anali wamkulu pa onse, ndipo ngakhale mphunzitsi wawo, mtsikana woonda wa magalasi, anali wamng'ono kwa iye. Anzakewo anamupatsa dzina lotanthauza amalume. Ankagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Mongolia amene ankatsegula windo ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa. Pansi pa chipindacho pankatentha pokha, moti Bester anasiya bedi n'kumagona pansi. M'basi ana ankamuyang'anitsitsa, ndipo agogo ena pamsika anamugwira dzanja n'kulisisita, kenako anamupatsa mapeyala awiri aulere.

"Koma minda, amayi a Mtisunge! Minda!" anatero Loweruka lina atabwera kuulendo wa kalasi. "Tinakwera basi, mbali zonse mpunga wokhawokha, wachikasu, wakupsa. Ngalande zake za simenti, zowongoka, madzi amatsegula ndi kachitseko kachitsulo. Ndinapempha dalaivala wa basi ya sukulu kuti aime. Ndinatsika, ndinalowa m'munda ndi nsapato zomwe. Mwini munda anabwera, mdala wamfupi, ndiye tinayamba kukambirana."

"M'chilankhulo chanji?"

"Theka Chikoreya, theka manja. Ndinamuonetsa mmene timawokera kwathu. Anandigwira paphewa, akuti ndibwerenso nthawi yokolola."

Sizinali zokoma zokhazokha. Mayeso oyamba analephera. Ana aja ankaloweza mawu ngati akumwa madzi, pamene iye ankawerenga mpaka mutu kuwawa, m'mawa n'kupeza theka lathawa. Lamulo linali loti amene sakhoza mayeso a kumapeto kwa chaka sangayambe digiri. Chakumapeto kwa Januwale anaoneka pakompyuta atawonda, ndevu zosameta.

"Mwina Ernest ankanena zoona," anatero. "Mutu wanga wakalamba."

Edwina nayenso anali atatopa. Sabata imeneyo makina otenthetsa nyumba anali atawonongeka, Mtisunge anali ndi chifuwa, ndipo iye anali atalira kubafa kuntchito osauza munthu. Koma anakoka mpando n'kuyandikira kakamera kaja.

"Tamverani, bambo. Ine kuno ndikudzuka kusanache, ndikuthamangira basi pa ayezi, ndikudya chakudya cha Mayi Han chimene sindidziwa n'komwe dzina lake. Sindikuchita zimenezi kuti inu mubwere ndi nkhani ya mutu wokalamba. Mwamva? Kameteni ndevuzo."

"Ndamva, amayi."

"Ndipo musiye kudzitsekera m'chipinda ndi mabuku. Inu mumaphunzira ndi pakamwa. Pitani kwa mdala wa munda uja muzikacheza naye."

Anapitadi. Loweruka ndi Lamlungu ankakwera basi kupita kumudzi kuja, kukathandiza mdalayo kukonza nazale m'nyumba za pulasitiki, ndipo nthawi yowokera itafika analowa nawo m'matope. Ankabwerako ndi mawu atsopano odzaza m'kamwa, ena oti mphunzitsi wake ankachita kufunsa kumene wawatola. Nthawi yocheza pakompyuta inasintha kukhala Lachisanu, ndipo kawirikawiri Yuna ndi mayi ake ankabwera kudzamvera. Mayi Han ankaseka atagwira pamimba, akuti bamboyu tsopano akulankhula ngati mlimi wokalamba wa kumudzi.

Mayeso aakulu analemba kumayambiriro kwa chilimwe cha 2008. Zotsatira zinatuluka tsiku limene Edwina anali pa ofu. Anali mumsika wa Bolton, pamzere wogula nsomba, Mtisunge ali kusukulu, pamene foni ya m'manja inalira ndi nambala yaitali yakunja. Bester sankaimba pafoni imeneyi kawirikawiri. Edwina anaika basiketi pansi.

"Halo? Bambo a Mtisunge?"

Kumbali inayo kunali phokoso la achinyamata akukuwa ndi kuimba m'manja. Kenako mawu a Bester anamveka pamwamba pa onsewo.

"Ndakhoza! Ndadutsa, amayi! Seputembala ndikuyamba digiri, ndipo pulofesa akuti kafukufuku wanga ndikachitira m'minda ya kumudzi komwe kuja!"

"Ambuye wanga! Mwakhoza zoona?"

"Zoona! Anawa andinyamula m'mwamba, atsala pang'ono kundigwetsa. Tamverani, tili ndi tchuthi mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Mdala uja akuti nyumba yake ili ndi chipinda chopanda munthu, ndipo akazi ake akufuna kuona mkazi amene amandilamula kumeta ndevu. Bwerani. Inu ndi mwana, bwerani mudzaone."

Edwina anayamba kuseka, kenako kulira, kenako zonse pamodzi. Wogulitsa nsomba, bambo wonenepa wa epuloni ya mizeremizere, anamufunsa ngati zonse zili bwino.

"Mwamuna wanga wakhoza mayeso," anatero Edwina. "Ku Koreya."

"Ku Koreya? Ndiye kutalitu," anatero bamboyo. "Nanga nsombazi mutenga?"

"Ndibweranso."

Anatola basiketi yake yopanda kanthu n'kutuluka mumsikamo. Kunja kunali kadzuwa. Anawoloka msewu, anadutsa mashopu angapo akuyenda mothamanga, mpaka anafika pa ofesi ina yogulitsa matikiti a ndege imene ankaidutsa masiku onse osaiyang'ana. Mtsikana wa pakauntala anamwetulira n'kumufunsa kumene akufuna kupita.

"Ku Seoul, ku Koreya," anatero Edwina akukhala pampando, mpweya usanabwerere bwino. "Anthu awiri, wamkulu ndi mwana. Sukulu zikangotsekera."